SHARIF HUSSEIN WA KU MECCA: MFUMU IMENE IDATSAMIRA ANGEREZI

Pa nkhondo yaikulu yoyamba ya dziko lonse, imene idayamba mu 1914 ndi kutha mu 1918, ndipo kuno ku Malawi idatchuka ndi dzina loti nkhondo ya Chiwaya, maiko amphamvu a ku Ulaya sadadalire asilikali awo okha. Dziko lililonse lidayesetsa kupeza abwenzi pakati pa mafumu a madera amene nkhondoyo idafikako, ndipo abwenziwo ankapatsidwa ndalama, mfuti ndi malonjezo. Mmodzi mwa abwenzi otere adali Hussein bin Ali, wolamula mzinda woyera wa Mecca, amene adagwirizana ndi Britain pomenyana ndi ufumu wa Ottoman wa ku Turkey. Mu 1916 Angerezi ankamutumizira golide mwezi ndi mwezi. Mu 1925 Angerezi omwewo adamukweza m'sitima yawo yankhondo nakamutula pa chilumba cha Cyprus ali wopanda ufumu. Mbiri ya moyo wake ikusonyeza chimene chimachititsa dziko lamphamvu kuthandiza mtsogoleri wa dziko laling'ono pa nthawi ya nkhondo, ndiponso pamene chithandizo chotere chimalekezera.

Kubadwa ndi kukula kwake

Hussein adabadwira mu mzinda wa Constantinople, umene lero ukutchedwa Istanbul, cha m'ma 1854. Iye adali wa fuko la Hashim, wochokera kwa Mtumiki Muhammad kupyolera mwa mwana wake wamkazi Fatima ndi mdzukulu wake Hasan. Amuna a mtundu umenewu amalemekezedwa ndi dzina loti Sharif, ndipo kwa zaka mazana ambiri mmodzi wa iwo ndiye ankalamula Mecca ndi kusamalira alendo obwera ku Haji. Kuyambira 1517 wolamula wa Mecca adali pansi pa Sultan, mfumu yaikulu ya ufumu wa Ottoman.

Dera limene kuli mizinda ya Mecca, Medina ndi Taif pamodzi ndi doko la Jeddah limatchedwa Hejaz, ndipo lili m'mbali mwa Nyanja Yofiira, kumadzulo kwa Arabia. Ndi dziko la miyala ndi chipululu, losalimika kwenikweni. Masiku amenewo anthu ake ankakhalira ndalama za alendo a Haji, mphatso za Sultan, ndi chakudya chobwera pa nyanja kuchokera ku Egypt ndi India. Mfundo imeneyi njoyenera kuikumbukira, pakuti wolamula Hejaz sakadatha kuima payekha, ndipo mwini sitima zankhondo za pa Nyanja Yofiira akadatha kuligonjetsa dzikolo ndi njala yokha. Eni sitimazo adali Angerezi.

Hussein adakulira ku Mecca, koma mu 1893 Sultan Abdul Hamid II, amene sankamukhulupirira, adamuitanitsa ku Constantinople. Kumeneko adakhala zaka 15 monga mlendo wolemekezeka koma wosaloledwa kubwerera kwawo. Adaphunzirako ndale za kunyumba ya mfumu, monga kudekha, kukayikira aliyense ndi kulankhula mozungulira, ndipo ana ake aamuna anayi, Ali, Abdullah, Faisal ndi Zeid, adaleredwa komweko.

Mu 1908, chaka chimene gulu la Young Turks lidalanda mphamvu zambiri za Sultan, Hussein adasankhidwa kukhala Sharif wa Mecca ali ndi zaka zoposa 50. Chaka chomwecho njanji yochokera ku Damascus, yotalika makilomita pafupifupi 1,300, idafika ku Medina, ndipo boma latsopano linkafuna kuipitiriza mpaka ku Mecca. Hussein adaona kuti sitima yonyamula alendo a Haji ikhozanso kunyamula asilikali, ndi kuti mafuko a m'chipululu, amene ankapeza ndalama ponyamula alendowo pa ngamila, adzasowa chochita. Tsono adaikana njanjiyo, ndipo mkangano wake ndi boma udakula kufikira iye adayamba kuopa kuti achotsedwa pa mpando.

Pempho lokanidwa, kenaka lofunidwa

Mu Febuluwale 1914, nkhondo isadayambe, Abdullah adaima ku Cairo nakumana ndi Lord Kitchener, woimira boma la Britain ku Egypt. Adamufunsa ngati Britain ingathandize atate ake boma la Turkey likafuna kuwachotsa. Kitchener adayankha kuti dziko lake lili pa ubwenzi ndi Turkey ndipo silingalowerere nkhani za m'kati mwake. Patapita miyezi iwiri Abdullah adapempha mfuti zachiwaya zochepa chabe kwa Ronald Storrs, mmodzi wa alembi a Kitchener, koma adakanidwanso. Pa nthawi imeneyo Hussein adalibe chinthu chimene Angerezi ankachisowa.

Chaka chisadathe zinthu zidatembenuka. Turkey idalowa nkhondo ku mbali ya Germany, ndipo mu Novembala 1914 Sultan, amene adalinso Khalifa, ndiye kuti mtsogoleri wa Asilamu onse, adalengeza jihad, kuitana Asilamu kuti amenyane ndi Britain, France ndi Russia. Kitchener yemwe uja, amene tsopano adali nduna yoona za nkhondo ku London, ndiye adayamba kutumiza mauthenga ku Mecca. Munthuyo adali yemweyo, dziko lake lidali losauka monga kale, koma mtengo wake pamaso pa Angerezi udakwera pa zifukwa zitatu.

Chifukwa choyamba chidali chipembedzo. M'dziko la India, limene pa nthawiyo linkaphatikiza Pakistan ndi Bangladesh, Britain inkalamula Asilamu oposa mamiliyoni 60, ndipo pakati pa asilikali ake a kumeneko padali Asilamu ambiri. Ku Egypt ndi ku Sudan nakonso anthu ambiri adali Asilamu. Angerezi adaona kuti mdzukulu wa Mtumiki, wosunga Mecca, akakana kuvomereza jihad, kuitana kwa Sultan kudzazilala. Chifukwa chachiwiri chidali ngalande ya Suez, njira yachidule ya sitima zopita ku India, imene asilikali a Turkey adaithira nkhondo mu Febuluwale 1915. Chachitatu chidali chakuti nkhondo siinkawayendera bwino Angerezi. Adalephera ku Gallipoli mu 1915 atataya asilikali zikwizikwi, ndipo mu Epulo 1916 asilikali awo pafupifupi 13,000 adadzipereka kwa adani ku Kut, m'dziko la Iraq. Kuukira kwa Aluya kukadatangwanitsa asilikali a Turkey pa mtengo wochepa, popanda kuchotsa Angerezi ambiri ku nkhondo yaikulu imene inkamenyedwa ku France.

Hussein nayenso adali ndi zifukwa zake. Ankaopa kuchotsedwa pa mpando, ankaopanso njala ngati Angerezi atatseka Nyanja Yofiira. Kuonjezera apo, mwana wake Faisal atapita ku Damascus mu 1915 adakumana ndi mabungwe achinsinsi a Aluya, otchedwa al-Fatat ndi al-Ahd, amene adalonjeza kutsata Hussein ngati angapeze kwa Britain lonjezo la dziko limodzi lalikulu la Aluya lodzilamula lokha. Motero Hussein adazengereza kuvomereza jihad, nayamba kukambirana ndi Angerezi mobisa.

Makalata khumi

Kuyambira Julayi 1915 mpaka Malichi 1916 Hussein ndi Sir Henry McMahon, kazembe wamkulu wa Britain ku Egypt, adalemberana makalata khumi. M'kalata yoyamba Hussein adapempha Britain kuti ivomereze ufulu wa Aluya m'dziko loyambira kumpoto kwa Syria mpaka kumwera kwa Arabia, ndi kuyambira ku nyanja ya Mediterranean mpaka m'malire a Persia, kupatula doko la Aden lokha. Poyamba McMahon adazemba, nanena kuti nthawi yokamba za malire siidakwane. Hussein ataumirira, McMahon adavomera m'kalata ya pa 24 Okutobala 1915, koma adaikamo zopatula zingapo. Adachotsa madera a Mersin ndi Alexandretta, ndi mbali za Syria za kumadzulo kwa Damascus, Homs, Hama ndi Aleppo. Adati madera a Baghdad ndi Basra adzafuna dongosolo lapadera, ndi kuti mapangano amene Britain idali nawo kale ndi mafumu ena a Aluya sadzasintha. Chachikulu koposa, adati lonjezolo lidzagwira ntchito kumene Britain ikhoza kuchita zinthu popanda kuononga zofuna za bwenzi lake, dziko la France.

Makalatawo adalibe mapu, ndipo dziko la Palestine silidatchulidwe dzina m'kalata ya McMahon. Mpaka lero akatswiri a mbiri yakale amatsutsana ngati lidali m'kati mwa lonjezolo kapena kunja. Hussein sadagwirizane nazo zopatula zina, makamaka zokhudza France, koma adalola kuti nkhani zimenezo zidzakambidwe nkhondo ikatha. Apa mpamene padagona vuto lake. Wogulitsa ng'ombe amakambirana mtengo ng'ombeyo ikadali m'khola mwake. Hussein adapereka chimene Angerezi ankafuna pa nthawi imene ankachifunitsitsa, nasiya nkhani ya malipiro kuti idzakambidwe pamene iwo sadzamusowanso.

Kuukira kwa 1916

Pa 6 Meyi 1916 Djemal Pasha, wolamula Syria m'dzina la Sultan, adanyonga atsogoleri a Aluya ku Damascus ndi ku Beirut. Patangopita mwezi umodzi, pa 10 Juni, Hussein adaomba mfuti ali kunyumba yake yachifumu ku Mecca, ndipo chimenecho chidali chizindikiro chakuti kuukira kwayamba. Doko la Jeddah lidagonja pa 16 Juni sitima za Angerezi zitaliomba ndi mizinga. Asilikali a Turkey a mu Mecca adagonja mu Julayi, ndipo a ku Taif mu Seputembala. Koma mzinda wa Medina, kumene kudali asilikali oposa 10,000 pansi pa Fakhri Pasha, sudagonje mpaka Januwale 1919, nkhondo itatha kale.

Chithandizo cha Britain chidali chenicheni ndithu. Poyamba Hussein ankalandira mapaundi 125,000 a golide mwezi uliwonse, ndipo pambuyo pake ndalamazo zidafika mapaundi 200,000 ndi kupitirira. Kudabwera mfuti, zipolopolo, mpunga ndi ufa, pamodzi ndi asilikali Achisilamu a ku Egypt odziwa kuomba mizinga. Kudabweranso alangizi Achingerezi, ndipo wotchuka mwa iwo adali T. E. Lawrence, amene adafika mu Okutobala 1916. Mu Disembala chaka chomwecho, pamene Fakhri Pasha adatuluka mu Medina kulunjika ku doko la Yanbu, sitima zankhondo za Angerezi ndizo zidamubweza.

Komabe malire a chithandizocho adaoneka msanga. Kumapeto kwa 1916, kuukirako kutatsala pang'ono kuzima, boma la Britain lidakambirana kwa miyezi ingapo zotumiza gulu la asilikali ake ku doko la Rabigh kuti likatchinjirize njira ya ku Mecca. Sir William Robertson, mkulu wa asilikali ku London, adakana kuchotsa anthu ku nkhondo ya ku Ulaya, ndipo Hussein mwini ankasinthasintha maganizo poopa kuti Asilamu anganyansidwe poona asilikali Achikhristu m'dziko loyera. Gululo silidapite. Golide adaperekedwa mosavuta, koma magazi a Angerezi adasungidwira kwina. Chizindikiro china chidaoneka mu Okutobala 1916, pamene Hussein adadzitcha mfumu ya maiko a Aluya. Britain ndi France adangomuvomereza monga mfumu ya Hejaz basi.

Angerezi nawonso adali ndi zodandaula. Iwo ankayembekezera kuti asilikali Achiluya a m'gulu lankhondo la Ottoman adzathawira kwa Hussein mwaunyinji, koma zimenezo sizidachitike, ndipo ambiri adamenyera Sultan mpaka mapeto. Asilamu ambiri a ku India ankamuona Hussein ngati wopandukira Khalifa. Mafuko a m'chipululu ankamenya nkhondo golide akalipo, ndipo akachedwa ankabwerera kwawo. Ngakhale zidali choncho, ntchito idagwirika. Ankhondo a Faisal adaphwanya njanji ya ku Medina kawirikawiri, adalanda doko la Aqaba pa 6 Julayi 1917 mothandizidwa ndi Auda abu Tayi, ndipo adatchinjiriza mbali ya kum'mawa pamene General Allenby ankalowa m'dziko la Palestine ndi Syria. Mzinda wa Damascus udagwa pa 1 Okutobala 1918. Koma kuyambira pamene Aqaba idalandidwa, gulu la Faisal lidakhala pansi pa Allenby, kotero kuti maso a Angerezi adatembenukira kwa mwana, ndipo bambo adatsala ku Mecca akulemba makalata odandaula.

Malonjezo ambiri pa dziko limodzi

Dziko lamphamvu silikhala ndi bwenzi limodzi lokha, ndipo abwenziwo salingana kulemera. Pamene McMahon ankalemberana ndi Hussein, Mngerezi wina, Sir Mark Sykes, ankakambirana ndi François Georges-Picot wa ku France za kagawidwe ka maiko omwewo. Pangano lawo lachinsinsi, limene lidavomerezedwa mu Meyi 1916, lidapereka gombe la Syria ndi Lebanon kwa France, kumwera kwa Iraq kwa Britain, ndipo dziko la m'kati lidagawidwa pawiri kuti Aluya adzilamule moyang'aniridwa ndi maiko awiriwo. Pa 2 Novembala 1917 nduna yoona za maiko akunja, Arthur Balfour, idalengeza kuti Britain ikuvomereza kukhazikitsa kwawo kwa Ayuda m'dziko la Palestine. Kum'mawa kwa Arabia nakonso, akuluakulu a boma la Angerezi la ku India adali atapangana kale ndi Ibn Saud, mfumu ya dera la Najd ndi mdani wa Hussein, m'pangano la ku Darin la mu Disembala 1915, ndipo pambuyo pake ankamupatsa mapaundi 5,000 pa mwezi.

Sykes ndi Picot adamuyendera Hussein ku Jeddah mu Meyi 1917 namufotokozera za maganizo awo mwapatalipatali. Koma mu Novembala chaka chomwecho boma latsopano la ku Russia lidasindikiza mapangano achinsinsi amene lidawapeza, ndipo Djemal Pasha adagwiritsa ntchito nkhaniyo pokopa Aluya kuti ayanjanenso ndi Turkey. Hussein adatumiza uthenga wa Djemal kwa Angerezi, ndipo iwo adamuyankha mozemba, namutsimikizira kuti akadali pambuyo pa ufulu wa Aluya. Mu Januwale 1918 David Hogarth adatumidwa ku Jeddah kukamuuza kuti kubwera kwa Ayuda sikudzasokoneza ufulu wa anthu okhala kale m'dziko la Palestine. Hussein adapitiriza nkhondo. Kunena zoona adalibe kolowera, pakuti wopandukira Sultan sakadabwereranso mwamtendere, ndipo chakudya cha anthu ake chinkachokera m'manja mwa Angerezi.

Nkhondo itatha

Turkey idagonja pa 30 Okutobala 1918, ndipo zifukwa zitatu zija zidatha tsiku lomwelo. Kudalibenso jihad yoopsa, ngalande ya Suez idali pa mtendere, ndipo kudalibe asilikali a Turkey ofunika kutangwanitsidwa. Britain idatuluka m'nkhondo ili ndi ngongole zazikulu, ndipo inkasowa ubwenzi wa France pa nkhani za ku Ulaya. Dziko la France lidataya asilikali oposa miliyoni imodzi, ndipo silikadalola kumanidwa Syria. Poyeza pa sikelo, France idalemera kuposa Hussein.

Faisal adaimira atate ake pa msonkhano wa mtendere ku Paris mu 1919, koma kumapeto kwa chakacho asilikali a Britain adachoka m'dziko la Syria. Mu Malichi 1920 msonkhano wa Aluya ku Damascus udamulonga Faisal ufumu wa Syria. Mwezi wotsatira, ku San Remo m'dziko la Italy, maiko opambana adagwirizana kuti France iyang'anire Syria ndi Lebanon, ndipo Britain iyang'anire Iraq ndi Palestine, m'dzina la bungwe la League of Nations, monga momwe Tanganyika idaperekedwera kwa Britain itachotsedwa m'manja mwa Germany. Pa 24 Julayi 1920 asilikali a France adagonjetsa ankhondo a Faisal ku Maysalun, ndipo iye adapirikitsidwa. Angerezi sadachitepo kanthu.

Chaka chomwecho anthu a ku Iraq adaukira Angerezi, ndipo kuzimitsa kuukirako kudadya mapaundi mamiliyoni ambiri. Pofuna njira yotsika mtengo yolamulira maikowo, Winston Churchill, nduna yoona za maiko olamulidwa ndi Britain, adaitanitsa msonkhano ku Cairo mu Malichi 1921. Zotsatira zake zidali zakuti Faisal adakhala mfumu ya Iraq mu Ogasiti 1921, ndipo Abdullah adapatsidwa dera la Transjordan. Ena amati Britain idabweza ngongole yake mwa njira imeneyi, ndipo muli choona m'menemo, komanso nzoona kuti ana awiriwo adapatsidwa mipando chifukwa Britain inkawasowa pa ntchito yatsopano.

Hussein mwini adakana kulandira dongosolo latsopanoli. Sadavomereze pangano la Versailles. Mu 1921 Lawrence adatumidwa ku Jeddah ndi pangano limene likadamupatsa ndalama ndi chitetezo, malinga akadavomereza ulamuliro wa Britain ku Palestine ndi lonjezo la Balfour. Adakambirana kwa milungu yambiri, koma nkhalambayo idakana kusaina, ndipo zokambirana zina zimene zidapitirira mpaka 1924 sizidaphule kanthu. Iye ankakhulupirira kuti makalata a McMahon ndi pangano lopatulika losati nkusinthidwa. Ndalama za mwezi ndi mwezi zija zidayamba kuchepetsedwa nkhondo itangotha, kenaka zidalekeka.

Kugwa kwa ufumu wa Hejaz

Mdani weniweni wa Hussein adali pafupi. Ibn Saud adalandira zochepa kwa Angerezi, sadawamenyere nkhondo yambiri, koma adagwiritsa ntchito zaka zimenezo kumanga mphamvu zakezake. Adasonkhanitsa mafuko a ku Najd m'gulu la ankhondo achipembedzo lotchedwa Ikhwan, lomenya nkhondo chifukwa cha chikhulupiriro, osati golide. Mu Meyi 1919 gululo lidagwera ankhondo a Abdullah usiku ku Turaba ndi kuwatha pafupifupi onse, ndipo Abdullah adapulumukira m'kamwa mwa mbuzi. Pa nthawiyo Britain idachenjeza Ibn Saud kuti imudulira ndalama, idatumiza ndege ku Jeddah, ndipo iye adabwerera. Phunziro lake lidali lachidziwikire: ufumu wa Hejaz udali moyo chifukwa cha mawu a Britain okha.

Hussein sadapeze abwenzi ena olowa m'malo. Golide atatha, mafuko ambiri adamusiya. Pofuna ndalama adakweza misonkho ya amalonda ndi ya alendo a Haji, ndipo adadana nawo. Adaletsanso anthu a ku Najd kubwera ku Haji kwa zaka zingapo, chinthu chimene chidakwiyitsa Ikhwan. Pa 3 Malichi 1924 boma latsopano la Turkey lidathetsa udindo wa Khalifa, ndipo patangopita masiku awiri Hussein adadzitengera udindowo. Asilamu ambiri, makamaka a ku India ndi ku Egypt, sadamuvomereze. Kumapeto kwa mwezi womwewo Britain idaleka kupereka ndalama kwa Ibn Saud, kotero kuti chingwe chimene chinkamugwira chidaduka.

Mu Seputembala 1924 Ikhwan idalanda Taif ndi kupha anthu mazana angapo. Hussein adapempha chithandizo kwa Britain, koma boma la Ramsay MacDonald lidayankha kuti umenewo ndi mkangano wa chipembedzo pakati pa Asilamu, ndipo silingalowererepo. Yankho limeneli lidafanana ndi lija Kitchener adapatsa Abdullah zaka khumi m'mbuyomo. Akuluakulu a ku Jeddah ndi ku Mecca adamukakamiza kutula pansi ufumu kumayambiriro kwa Okutobala, ndipo mwana wake Ali adalowa m'malo. Pasadathe milungu iwiri Mecca idagwa popanda nkhondo. Medina ndi Jeddah zidagonja mu Disembala 1925, ndipo mu Januwale 1926 Ibn Saud adakhala mfumu ya Hejaz. Britain idamuvomereza m'pangano la ku Jeddah la 1927, ndipo mu 1932 maiko ake adalumikizidwa kukhala Saudi Arabia.

Masiku ake otsiriza

Hussein adathawira ku Aqaba, doko lomwe lija ankhondo ake adalanda mu 1917. Ibn Saud adadandaula kuti nkhalambayo ikutumiza chithandizo kwa Ali kuchokera kumeneko, naopseza kuti alithira nkhondo dokolo. Angerezi, amene ankafuna kuti Aqaba ikhale mbali ya Transjordan, adamulamula Hussein kuti achoke, ndipo mu Juni 1925 adamutengera ku Cyprus. Adakhala ku Nicosia zaka zisanu. Atadwala matenda ofa ziwalo mu 1930 adaloledwa kupita kwa Abdullah ku Amman, kumene adamwalira pa 4 Juni 1931. Adaikidwa m'manda ku Jerusalem, m'bwalo la mzikiti wa al-Aqsa. Ufumu wa banja lake ku Iraq udatha mu Julayi 1958, pamene Faisal II adaphedwa ndi asilikali oukira, koma ku Jordan banjalo likulamulabe, ndipo Mfumu Abdullah II, imene idalowa ufumu mu 1999, ndi mbadwa yake.

Anthu amamuweruza Hussein mosiyanasiyana. Ku Jordan amamulemekeza monga tate wa kuukira kwa Aluya, munthu amene adalola kutaya ufumu kusiyana ndi kusaina pepala lopereka Palestine. Ena amamuona monga nkhalamba youma mutu imene idathandiza kugwetsa ufumu wa Asilamu ndi kutsegulira khomo atsamunda. Angerezi nawonso ali ndi owateteza, amene amati zopatula zonse zidalembedwa m'makalata, ndipo Hussein adasankha kusaziwerenga bwino.

Pali mfundo zimene mbali zonsezi sizingakane. Britain idakana Hussein mu 1914 pamene siinkamusowa, idamufunafuna mu 1915 pamene nkhondo idaithina, ndipo idamusiya mu 1924 pamene kumuteteza kukadaidyera ndalama ndi kuidanitsa ndi ena. Idapereka mosaumira zinthu zimene kwa iyo zidali zotsika mtengo, monga golide, mfuti ndi mawu osamveka bwino, koma idaumira zinthu za mtengo wapatali, monga asilikali ake ndi ubwenzi wake ndi France. Akuluakulu adati chikondi cha nkhwangwa chikoma pokwera, pakuti munthu akamatsika mu mtengo amayamba waiponya pansi. Si Angerezi okha amene adachita zotere, pakuti boma lililonse limayamba laganizira anthu ake ndi chuma chake. Choncho wophunzira mbiri yakale akamva kuti dziko lamphamvu lalonjeza kuima ndi dziko laling'ono pa nkhondo, ayenera kufunsa mafunso amene moyo wa Hussein ukuphunzitsa: chimene dziko lamphamvulo likusowa nchiyani, lidzachisowa mpaka liti, lalonjezanso chiyani kwa ena, ndipo wothandizidwayo adzatsala ndi mphamvu zotani zakezake tsiku limene chithandizo chidzalekeke. Ibn Saud adadzifunsa funso lotsirizali nkhondo ikadali m'kati, ndipo mizinda ya Mecca ndi Medina ili m'manja mwa banja lake mpaka lero.